KUJAMBULA M'KATI MWA DISO: Chifukwa Chake Chithunzi Chimodzi Sichikwana

Pali nthenda ina ya maso imene imayambanitsa anthu pabanja chifukwa cha mmene imaonekera. Munthu wachikulire amadzuka m'mawa, kutenga khasu, n'kutsetsereka yekha kupita kudimba popanda ndodo kapena womugwira dzanja. Mwala amaulambalala, ng'ombe ikadutsa cha m'mbali amaiona. Koma munthu yemweyo akakumana ndi apongozi ake panjira amangowadutsa osapereka moni. Pamsika amasokoneza K500 ndi K5,000. Ulusi sukulowanso pa singano, ndipo akatsegula buku, mawu amene wawalunjika ndi amene akusowa. Apabanja amayamba kunong'onezana. Ena amati agogo ayamba kunyada, ena amati akunamizira khungu kuti azipatsidwa thandizo, enanso amati ndi ukalamba basi, palibe chochita.

Onsewa sakulondola. Chimene chachitika n'chakuti kuona kwa pakati kwaonongeka pamene kuona kwa m'mbali kukadalipo. Imodzi mwa nthenda zimene zimachita zotere ndi imene madokotala amaitcha macular degeneration, kapena AMD mwachidule, ndipo imagwira anthu opyola zaka 50. M'nkhani ino tiziitcha nthenda ya macula. Kunja kwa diso sikuoneka chilichonse chachilendo. Kuti nthendayi idziwike pamafunika kusuzumira m'kati mwa diso, ndipo kuti zidziwike ngati ikukula kapena yaima, pamafunika kujambula m'katimo mobwerezabwereza, n'kumayerekeza chithunzi cha lero ndi cha ulendo watha.

Nkhaniyi tiifotokoza poyang'ana dera la Tsangano m'boma la Ntcheu. Owerenga athu a kunyanja amalidziwa derali chifukwa cha mbatata ya kachewere ndi kabichi zimene zimadzaza pa mphambano ya Tsangano, pa msewu wa M1. Ndi dera lamapiri, lozizira, m'malire ndi dziko la Mozambique, kumene kutsidya kulinso boma lotchedwa Tsangano m'chigawo cha Tete. Talisankha chifukwa lili kutali ndi zipatala zikuluzikulu za maso, monganso alili Makanjira kapena Chiponde kwa anthu a ku Mangochi. Funso la mlimi wa ku Tsangano ndi lomwelo la msodzi wa kunyanja: ngati makina ojambulira ali mumzinda, wakumudzi achite chiyani kuti asafikeko mochedwa?

KODI MACULA N'CHIYANI?

Kuwala kukalowa m'diso kumadutsa pa kamwana ka diso kakuda kaja, kenaka pa kagalasi kachilengedwe kamene kali kuseri kwake, n'kukagwera pa kansalu kopyapyala koyalidwa ku khoma lakumbuyo kwa diso. Kansalu kameneka amakatcha retina. Ndiko kamalandira chithunzi cha zimene tikuona n'kutumiza uthenga ku ubongo.

Pakatikati pa retina pali kamalo kakang'ono, ka mamilimita 5 okha m'mimba mwake, ngati njere ya nandolo. Dzina lake ndi macula. Kamalo kameneka ndiko kamagwira ntchito zonse zofuna kupenyetsetsa: kuzindikira nkhope, kuwerenga, kusoka ukonde, kusankha mbewu yabwino pakati pa yoola, kusiyanitsa mitundu ya nsalu. Mbali yotsala ya retina imationetsa za m'mphepete, zimene zimatithandiza kuyenda osapunthwa. Ichi n'chifukwa chake munthu amene macula yake yaonongeka amaona njira koma osaona nkhope. Sakunamiza munthu ayi.

SI NG'ALA

Kwathu kuno, wachikulire akayamba kuvutika kuona, mawu oyamba kutuluka amakhala akuti ng'ala. Nthawi zambiri zimakhaladi zoona. Kafukufuku amene anachitika m'maboma a chigawo cha kummwera motsogozedwa ndi Dr. Khumbo Kalua, ndipo anasindikizidwa mu 2011, anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 50 kapena kuposerapo, pafupifupi atatu anali osaona, ndipo pafupifupi theka la iwo chinawachititsa khungu ndi ng'ala. Ng'ala ndi kuchita chifunga kwa kagalasi kakutsogolo kaja. Ikakhwima imaoneka yoyera pa kamwana ka diso, ndipo opaleshoni yaifupi imabwezeretsa kuona.

Nthenda ya macula ili kumbuyo, kumene mpeni wa opaleshoni ya ng'ala sufika. Munthu mmodzi atha kukhala ndi nthenda ziwiri zonsezi, ndipo apa m'pamene pamabuka madandaulo. Ng'ala ikachotsedwa bwinobwino, wodwala amaona kuwala ndi mitundu bwino kuposa kale, koma pakati pamakhalabe poderako. Achibale amati dokotala walakwitsa ndipo amaopseza anzawo kuti asapite ku opaleshoni. Chonsecho vuto lachiwiri linabisala kuseri kwa loyamba.

Akatswiri amene analemba m'magazini ya zaumoyo ya Lancet Global Health mu 2014 anawerengera kuti pofika 2020 anthu 196 miliyoni pa dziko lonse adzakhala ndi nthenda ya macula, ndipo pofika 2040 adzakwana 288 miliyoni. Anapezanso kuti imagwira kwambiri azungu kuposa anthu akuda. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti kuno kulibe. M'chaka cha 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50. Masiku ano ndi zaka zoposa 60. Achikulire akachuluka, matenda a ukalamba nawo amachuluka.

MITUNDU IWIRI: YOUMA NDI YONYOWA

Nthendayi imayamba mwakachetechete. Pansi pa retina pamayamba kuunjikana timibulu tachikasu ta zinyalala za m'thupi, totchedwa drusen. Pa nthawi imeneyi munthu amaona bwinobwino ndipo sadziwa kanthu. Ambiri amathera pomwepa moyo wawo wonse. Koma mwa ena nthendayi imapitirira, ndipo imatenga imodzi mwa njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi imene amati youma. Macula imaperepeseka pang'onopang'ono ngati chitenje chakale chimene chatha pamalo pokhalira. Kachigamba kakufa kamayamba kakang'ono n'kumakula chaka ndi chaka. Palibe ululu, palibe kufiira kwa maso. Munthu amangoona kuti akufuna kuwala kochuluka kuti awerenge, kenaka zilembo zina zimayamba kusowa pakati pa mawu.

Njira yachiwiri ndi imene amati yonyowa, ndipo ndiyo yoopsa. Pansi pa macula pamamera timitsempha ta magazi tatsopano tosalimba, ngati mizu ya mtengo imene imalowa pansi pa nyumba n'kutukula simenti. Timitsemphati timadontha madzi ndi magazi, macula n'kutupa. Popeza kansalu kolandira chithunzi katukuka, zinthu zoongoka zimaoneka zokhota: felemu ya chitseko imapindika, mzere wa njerwa umachita mafunde, nkhope ya munthu imaoneka yopotoka. Izi zimachitika m'masiku kapena masabata ochepa. Zikalekereredwa miyezi ingapo pamatsala chipsera, ndipo chipsera chilibe mankhwala.

Youma itha kusanduka yonyowa nthawi ina iliyonse. Kusinthaku ndiko kumene dokotala amakudikirira akamajambula diso mobwerezabwereza.

AMAJAMBULA BWANJI?

Diso ndi malo okhawo m'thupi pamene dokotala amatha kuona mitsempha ya magazi ndi maso ake popanda kucheka. Chida choyamba chosuzumirira m'diso anachipanga Hermann von Helmholtz wa ku Germany, n'kuchilengeza mu 1851, ndipo mpaka lero kachida kokhala ngati tochi kameneka kamagwiritsidwa ntchito m'zipatala. Vuto lake n'lakuti zimene dokotala waona zimatsala m'mutu mwake. Akasamutsidwa, kapena pakapita chaka, palibe chosonyeza mmene disolo linalili. Chithunzi choyamba cha m'kati mwa diso la munthu wamoyo chinajambulidwa mu 1886, ndipo kuyambira pamenepo makamera akhala akuwongoleredwa.

Masiku ano wodwala amadonthezedwa mankhwala okulitsa kamwana ka diso, n'kudikira mphindi 20 kapena 30. Kenaka amaika chibwano pa kathabwa ka kamera n'kuyang'ana kanyali kali m'katimo. Kuwala kumang'anima, ndipo pa kompyuta pamaoneka bwalo lofiirira lokhala ndi mitsempha yonga mitsinje. Pa chithunzi chotere timibulu tachikasu tija timawerengeka, magazi odontha amaoneka, ndipo kachigamba kakufa kamayezeka kukula kwake.

Koma chithunzi chimenechi chimaonetsa pamwamba pokha. Mlimi aliyense wa ku Tsangano amadziwa kuti mbatata itha kuoneka yosalala kunja koma ili yoola m'kati, ndipo kuti udziwe zoona umaidula pakati. Pali makina amene amachita zomwezo ndi retina, koma podula ndi kuwala osati mpeni. Amatchedwa OCT. Anayambitsidwa mu 1991 ku Massachusetts Institute of Technology ku America ndi gulu la akatswiri mmene munali James Fujimoto, David Huang ndi Eric Swanson, ndipo mu 2023 atatuwa analandira mphotho ya Lasker chifukwa cha ntchitoyi. Makinawa amatumiza kuwala kofooka m'diso n'kuyeza mmene kukubwererera, motero amaonetsa retina cham'mbali, muyalo ndi muyalo, ngakhale miyalo yopyapyala kuposa tsitsi. Madzi obisala pansi pa macula amaoneka ngati kathumba kakuda. Makinawa sakhudza diso, sapweteka, alibe mphamvu ya X-ray, ndipo ntchito yake imatha m'timphindi tochepa.

KHADI LA KUSIKELO

Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo amamvetsa kale mfundo yaikulu ya nkhani ino. Mwana akalemera makilogalamu 8 lero, nambala imeneyi payokha siinena zambiri. Chimene mlangizi wa zaumoyo amayang'ana ndi mzere wa pakhadi: kodi mwezi watha analemera bwanji? Mzerewo ukukwera, waima kapena ukutsika?

Ndi mmenenso zilili ndi diso. Chithunzi choyamba chimangonena pamene nthenda yafika. Chachiwiri, chikaikidwa pambali pa choyamba, ndicho chimanena kumene ikupita ndi liwiro lake. Ngati timibulu tija tachuluka kapena takula, dokotala amadziwa kuti munthuyu aziyang'aniridwa pafupipafupi. Ngati kachigamba kouma kakuyandikira pakatikati pa macula, banja limachenjezedwa msanga kuti likonzekere. Ngati paoneka madzi pamene panali pouma, mankhwala amayambika sabata yomweyo. Ngati palibe chasintha, nawonso ndi uthenga wofunika, pakuti munthu amabwerera kwawo mtima uli m'malo ndipo ulendo wotsatira umatalikitsidwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthenda yoyenda ngati nkhono imadziwika ndi amene wabwerera kudzayang'ananso.

MALAWI SI MLENDO PA NTCHITOYI

Ena angaganize kuti kuyang'ana retina ndi nkhani ya maiko akutali. Zoona zake n'zakuti dziko lathu linaphunzitsapo dziko lonse pa nkhani imeneyi. Mu 1993 Dr. Susan Lewallen, pamodzi ndi Dr. Terrie Taylor, Prof. Malcolm Molyneux ndi anzawo, anafotokoza zizindikiro zimene ankaziona m'maso mwa ana okomoka ndi malungo a mu ubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth, chija timati Gulupu, ku Blantyre: madontho a magazi ndi malo otuwa pa retina. Mu 2004 kafukufuku wina wa pachipatala chomwechi anaonetsa kuti mwa ana amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atafa ndi nthenda ina, ndipo chizindikiro chimene chinasiyanitsa magulu awiriwa chinali cha m'maso. Kuyambira pamenepo ofufuza za malungo m'maiko ambiri amayang'ana retina.

Chitsanzo chachiwiri chikukhudza mabanja ambiri. Ku Blantyre ndi ku Zomba, ofufuza anayeza ndi kujambula maso a anthu 357 odwala shuga. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti theka la iwo retina inali itayamba kale kuonongeka, ndipo pafupifupi atatu mwa khumi alionse anali pa chiopsezo chotaya kuona. Anthu omwewo anawaitananso patapita chaka chimodzi, kenaka ziwiri, kuti aone mmene nthenda ikuyendera. Shuga naye amatupitsa macula, ndipo sadikira kuti munthu akalambe. Kamera yomweyo ndi OCT yomweyo ndizo zimasiyanitsa ngati pakati pa diso paonongeka ndi shuga kapena ndi ukalamba. Choncho wodwala shuga aliyense ayenera kuyezetsa m'kati mwa maso chaka chilichonse, ngakhale akuona bwino.

KODI MANKHWALA ALIPO?

Kwa mtundu wonyowa, alipo. Ndi jakisoni wobaya m'diso, amene amaletsa timitsempha tija kumera ndi kudontha. Kumva koyamba munthu amanjenjemera, koma diso limayamba ladonthezedwa mankhwala ochititsa dzanzi, singano yake ndi yaing'ono kwambiri, ndipo wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Mankhwala otchedwa ranibizumab anavomerezedwa ku America mu 2006. Pa kafukufuku amene anachitika asanavomerezedwe, anthu oposa 9 mwa 10 alionse obayidwa mwezi ndi mwezi anasunga kuona kwawo kwa chaka, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anayamba kuona bwino kuposa kale. Mankhwala ena otchipa kwambiri, bevacizumab, anapezeka mu 2011 kuti amagwira ntchito mofanana, ndipo mu 2013 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira.

Jakisoniyu sachiza kamodzi n'kamodzi. Kawirikawiri amayamba ndi atatu, mmodzi mwezi uliwonse, kenaka chithunzi cha OCT ndicho chimalamula. Macula ikauma, nthawi yodikira imatalikitsidwa. Madzi akabwerera, imafupikitsidwa. Popanda chithunzi dokotala angabaye mopyola muyezo kapena kusiya msanga. Ntchito imeneyi ndi ya dokotala wa maso pa chipatala chachikulu, m'chipinda chaukhondo, osati ya wina aliyense wodziwa kubaya.

Kwa mtundu wouma nkhani ndi yovutirapo. Palibe mankhwala obwezeretsa pamene pafa. Kafukufuku wa ku America wotchedwa AREDS anapeza mu 2001 kuti mapiritsi a mavitamini ena ndi zinki amachepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi chiopsezo chofika poipa, koma kwa okhawo amene nthenda yawo yafika pakatikati kapena yafika kale poipa m'diso limodzi. Kwa amene alibe nthendayi, kapena yangoyamba kumene, mapiritsiwa sanaonetse phindu. Apanso chithunzi ndicho chimanena amene akuyenera kumwa, kotero musataye ndalama pa mabotolo a pamsika olonjeza kutsuka maso. Mu 2023 ku America anavomereza jakisoni woyamba wa mtundu wouma, koma amangochedwetsa kukula kwa kachigamba, sabwezeretsa kuona.

ULENDO WOCHOKERA KU TSANGANO

Makamera ndi makina a OCT ndi okwera mtengo ndipo sapezeka pa zipatala zazing'ono za kumudzi. Munthu wa ku Tsangano amayambira pa chipatala chapafupi, n'kutumizidwa ku chipatala cha boma cha Ntcheu, kumene woona za maso amayeza kuona kwa diso lililonse n'kusuzumira m'kati. Akaona chokayikitsa amalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu. Zipatala zodziwika pa za maso ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, Nkhoma, Zomba Central, ndi Lions Sight First pa Gulupu ku Blantyre. A ku Mangochi ndi Machinga njira yawo imalowera ku Zomba. A ku Salima ndi Nkhotakota, ku Lilongwe. Amene wakutumizani ndi amene akuuzeni kumene mungajambulidwe.

Ulendo wotere umadya ndalama ndi masiku a ntchito, choncho usapite pachabe. Wodwala apite ndi womuperekeza, chifukwa mankhwala okulitsa kamwana ka diso amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo, ndipo dzuwa limathobwa m'maso. Asayendetse njinga kapena galimoto tsiku limenelo. Atenge buku lake la kuchipatala, lomwe lija lakale, osagula latsopano pakhomo, pakuti mbiri ya diso ili m'lakalelo. Woperekeza apemphe kuti dzina la nthenda, diso limene lagwidwa, ndi tsiku lobwerera zilembedwe momveka. Ngati n'kololedwa, ajambule chithunzicho ndi foni n'kuchisunga, kuti tsiku lina akapita ku chipatala china dokotala wakumeneko akhale ndi poyerekezera.

Tsiku lobwerera ndi mbali ya mankhwala. Likagwera m'nyengo yokumba mbatata, kapena pamene usipa wagwa, kapena m'mwezi wa Ramadhan, musalidumphe mwakachetechete. Kambiranani ndi dokotala, ndipo ngati pali kukayika pa za swaumu funsani Shehe wa kwanu. Thumba la mbatata lidzabweranso chaka chamawa, koma macula ikachita chipsera siibwerera.

Chopatsa chiyembekezo n'chakuti masiku ano kuli makamera ang'onoang'ono onyamula m'manja, ndipo chithunzi chojambulidwa kumudzi chitha kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri amene ali mumzinda. Makomiti a zaumoyo ndi atsogoleri a m'madera akamapempha chitukuko, nkhani ya zida zoyezera maso pa zipatala za maboma isamaiwalike.

MUYEZO WA PAKHOMO

Pakati pa ulendo wina ndi unzake, mlonda wa diso ndi mwini wake. Chinsinsi chake n'kuyeza diso limodzi pa nthawi. Anthu ambiri amakhala miyezi diso limodzi litaonongeka osadziwa, chifukwa linzake limakwirira. Kamodzi pa sabata, phimbani diso lamanzere ndi chikhatho, yang'anani felemu ya chitseko kapena mzere wa njerwa, kenaka sinthani.

Pali njira ina yabwino koposa, imene anayambitsa dokotala wa ku Switzerland, Marc Amsler, m'zaka za m'ma 1940. Mwana wa sukulu atha kuikonza ndi tsamba la kope la masamu, lija la timabokosi. Awerenge timabokosi 20 chopingasa ndi 20 chotsika, adetse mizere yake ndi rula, n'kuika kadontho kakuda pakatikati. Agogo avale magalasi awo owerengera ngati ali nawo, akhale pamalo owala, agwire pepalalo pa mtunda wa rula imodzi ya masentimita 30, aphimbe diso limodzi, n'kuyang'anitsitsa kadonthoko osayendetsa diso. Kodi mizere yonse ndi yoongoka? Kodi pali timabokosi tosowa kapena pamalo poderako? Ngati lero paoneka kukhota kapena chibowo chimene sabata yatha panalibe, ulendo wa kuchipatala ndi wa sabata yomweyo, osadikira tsiku lolembedwa m'buku. Amene diso limodzi linagwidwa kale ndi mtundu wonyowa achite khama koposa, chifukwa diso linalo lili pa chiopsezo chachikulu.

ZIMENE TINGAPEWE

Ukalamba ndi za kumtundu sitingazisinthe, koma fodya tingamusiye. Mwa zinthu zonse zimene munthu angasinthe, kusuta ndiko kumakulitsa kwambiri chiopsezo cha nthendayi: wosuta ali pa chiopsezo chowirikiza kawiri kapena kuposerapo, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kapena chingambwe chopichira pakhomo. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga ziyezedwe ndi kusamalidwa. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amaonetsa kuti anthu odya masamba obiriwira ndi nsomba kawirikawiri savutika kwambiri ndi nthendayi. Apa Tsangano ndi nyanja n'zothandizana: kumtunda kuli mpiru, repu ndi nkhwani, kunyanja kuli usipa ndi utaka. Bonongwe ndi chisoso zimamera kwaulere kuseri kwa nyumba.

Chenjezo lina ndi la mankhwala othira m'maso osachokera kuchipatala. Madzi a masamba, a mizu kapena ufa uliwonse sungafike kumbuyo kwa diso kumene kuli macula. Chimene ungachite n'kutentha kutsogolo kwa diso, ndipo munthu amene ankaona njira n'kutaya ngakhale kochepa kamene kanatsala.

KUKHALA NAYO NTHENDAYI

Mawu oyenera kuuza wodwala aliyense ndi awa: nthenda ya macula payokha siibweretsa mdima wathunthu. Kuona kwa m'mbali kumatsala. Munthu atha kuphunzira kuyang'ana pambali pang'ono pa chinthu kuti achione ndi mbali yamoyo ya retina. Kuwala kokwanira, galasi lokulitsa zilembo, ndi mbale yosiyana mtundu ndi chakudya zimathandiza kwambiri. Timadontho tosiyanitsa zilembo za Chiarabu ndito timayamba kusowa, kotero amene anazolowera kuwerenga Qur'an m'bandakucha apezeredwe ya zilembo zikuluzikulu, kapena mdzukulu aziwawerengera, kapena azimvera pa foni. Mukalowa m'nyumba tchulani dzina lanu, musawafunse kuti, "Mwandizindikira?" Katundu wa m'nyumba asamasunthidwe popanda kuwauza.

Pali chinthu china chimene mabanja ayenera kuchidziwa chisanachitike. Anthu ena amene kuona kwawo kwachepa amayamba kuona zinthu zomwe palibe: maluwa pakhoma, timizere, nyama, ngakhale anthu osawadziwa atakhala pakhonde. Wodwalayo amadziwa kuti si zenizeni, ndipo zinthuzo sizilankhula. Izi anazifotokoza koyamba Charles Bonnet wa ku Geneva mu 1760, ataziona mwa agogo ake aamuna, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake. Ubongo ukasowa zithunzi zochokera m'maso umapanga zake. Si misala, si ziwanda, si ufiti. M'dziko lathu, mmene okalamba ena amenyedwa ngakhale kuphedwa kumene chifukwa chonamiziridwa ufiti, agogo ambiri amabisa zoterezi poopa kutchedwa maina. Akakuuzani, akhazikeni mtima pansi ndipo kafotokozereni dokotala.

Abale ndi alongo, m'nyumba mwanu mukakhala munthu wopyola zaka 50, muyezeni sabata ino, diso limodzi kenaka linzake. Mizere ikakhota, nyamukani. Mukajambulidwa, sungani buku ndi chithunzi pamalo osanyowa, ndipo tsiku lobwerera mulilembe pakhoma pamene aliyense aziliona.